MAKINA OPALA MATABWA AKAKANA KUKOKA THABWA

Mau kwa Anzathu Ogwira Nchito m'Mashopu a Matabwa

Awerengi athu si a pansi pa mgodi okha iai. Ambiri agwira nchito m'nyumba zopangira mipando, zitseko ndi mazenera ku Johannesburg, ku Bulawayo, ku Ndola, ku Tete, ndiponso ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo pa mgodi pomwe sipasowa shopu ya akalipentala. Anthu onsewa adziwa makina aja olira koposa ena onse m'shopu, amene apala thabwa kuti licindikale mofanana kuyambira ku nsonga ina kufikira ku inzace. Amisiri awachula thikinesa.

Sabata ino tikamba za nthenda imodzi ya makina amenewa, imene yadula zala za anthu ndi kutha ndalama za eni mashopu. Nthenda yace ndi iyi: mota iri kulira bwino lomwe, mipeni iri kuzungulira, koma thabwa laima pakati, silipita m'tsogolo. Kodi munthu acitenji pamenepo?

Izi ndinaziona ndi maso anga m'shopu ina ku Bulawayo. Mwini shopu anali atalandira nchito yopanga madesiki, napangana kuti adzawapereka sukulu zisanatsegulidwe mwezi wa January. Anchito onse anali kuyembekeza ndalama za nchito imeneyo kuti atumize kwao za feteleza ndi za fizi ya ana. Patatsala masabata awiri, thikinesa inayamba kubvuta. Mnyamata woyendetsa makinawo, wa ku Dedza, anaopa kunena, poganiza kuti adzamuyesa wosadziwa nchito. Tsono iye anali kukankha thabwa ndi mimba yace, mnzace nakoka ku mbali inayo, thukuta liri kamukamu.

Kapitao wa pamenepo, munthu wacikulire wa ku Chipata, atamuona anathimitsa makina osanena kanthu. Anatambasula dzanja lace lamanja pamaso pa mnyamatayo, ndipo zala ziwiri panalibe. "Mwana wanga," anatero, "inenso ndinali wamphamvu ngati iwe, ndipo ndinali kuthandiza makina ndi manja. Makina akakana kukoka, usaperekepo thupi lako. Funa cimene cawadwalitsa."

Mwini shopu atamva anafuna kugula mota yatsopano, poyesa kuti yakale ija yatha mphamvu. Kapitao anapempha kuti ampatse tsiku limodzi lokha. Zimene anacita tsiku limenelo ndizo tilemba pano, potsata dongosolo lace lomwelo, pakuti wofuna nthenda mwa dongosolo sagula zinthu zosafunika.

KUMENE NZERUYI INACOKERA

Kale thabwa liri lonse linali kupalidwa ndi manja, ndipo kupala matabwa okwanira nyumba imodzi inali nchito ya masiku ambiri. M'caka ca 1828 mmisiri wina wa ku New York, ku America, dzina lace William Woodworth, analandira kalata ya boma yoteteza makina ace, amene anaphatikiza zinthu ziwiri: mipeni yozungulira ndi marola okoka thabwa. Nzeru ya mipeni yozungulira inalipo kale. Cimene cinapambanitsa makina ace ndi marola aja, cifukwa anali kugwira thabwa zolimba ndi kulipititsa ku mipeni pa liwiro losasintha. Kalata imeneyo inatha mphamvu m'caka ca 1856, ndipo pambuyo pace ali yense anali womasuka kupanga makina otere.

M'mashopu a maiko athu ano mupezabe makina olemera ocokera ku England, monga a Wadkin, kampani imene inayamba mu mzinda wa Leicester m'caka ca 1897, pamodzi ndi atsopano a ku Italy, ku Taiwan ndi ku China. Maonekedwe ao asiyana, koma njira yokokera thabwa ndi yomwe ija.

ULENDO WA THABWA M'KATI MWA MAKINA

Munthu sangacize nthenda ya cinthu cimene sacidziwa. Tsono tiyeni titsate thabwa kuyambira polowa kufikira poturuka.

Thabwa ligona pa tebulo lacitsulo, limene likwera ndi kutsika. Polowa liyamba kukweza tizitsulo tolendewera tonga zala. Timeneti tilola thabwa kupita m'tsogolo, koma likafuna kubwerera tililuma. Kenaka lifika pa rola woyamba, wacitsulo, wokhala ndi mizera yakuthwa ngati mano. Iyeyu ndiye agwira thabwa pamwamba nalikankhira ku mipeni. Mipeni isanalikhudze, citsulo cina cochedwa chipbreaker cilitsendereza pansi kuti mtengo usang'ambike. Pamenepo mipeni, iwiri kapena itatu kapena inai, yomangidwa pa mpukutu umene pa makina akuru uzungulira nthawi 4,000 kapena 5,000 pa mphindi imodzi, ipala pamwamba pace. Kuseri kwa mipeni kuli citsulo cina cotsendereza, cochedwa pressure bar, ndipo potsiriza pali rola waciwiri, wosalala kuti asalembe thabwa lopalidwa kale, amene alikokera kunja. Makina ambiri akuru ali ndi marola ena awiri m'tebulo momwemo, amene aturukira pang'ono zedi kuti thabwa lisakhule citsulo ponseponse.

Marola awiri a pamwambawo sazungulira okha. Mphamvu icoka ku mota, ipita ndi lamba ku giyabokosi imene icepetsa liwiro, ndipo kucokera apo iyenda ndi unyolo wonga wa njinga, umene ambiri aucha cheni, kufika pa magudumu a mano, masipuroketi, omangidwa ku nsonga za marola. Sipuroketi iri yonse igwirana ndi shafiti yace ndi kacitsulo kakang'ono kochedwa kiyi, kapena ndi kamsomali kopyoza zonse ziwiri. Nsonga za marola zikhala m'timabokosi tacitsulo tokhala ndi bushi kapena bering'i, ndipo kabokosi kali konse kali ndi sipiring'i yokanikizira rola pansi.

Cifukwa cace nthenda zonse za kukoka ziri za mitundu iwiri yokha: kapena cokoka cafoka, kapena cokokedwa calemera.

COYAMBA, THIMITSANI MOTO

Musakhudze kanthu m'kati mwa makina moto usanacotsedwe. Kukanikiza batani lofiira sikukwanira iai. Pitani pa swichi yaikuru ya pa khoma, thimitsani, ikanipo loko, ndipo kiyi wa lokoyo akhale m'thumba mwanu. Ngati ali makina a pulagi, zulani pulagi muiike pomwe maso anu ali kuiona. Mnzanu wocokera kunja sadziwa kuti dzanja lanu liri pa unyolo. Lindirani kuti mipeni iime yokha, pakuti mpukutu wolemera uzungulirabe kanthawi moto utazima, ndipo uzungulira mwakacetecete. Thabwa lokanirira musalikoke ndi mphamvu. Tsitsani tebulo, lidzaturuka popanda bvuto.

Ndipo musaope kunena kuti makina aonongeka. Dziko la South Africa m'caka ca 1993, ndi la Malawi m'caka ca 1997, anakhazikitsa malamulo a citetezo ca anthu pa nchito, oika pa mwini nchito udindo wosamala makina ace kuti asabvulaze anthu. Koma mwini nchito sangakonze cimene sanauzidwe. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

YAMBANI NDI ZOSAGULA

Kapitao uja sanayambe ndi sipanala iai. Anayamba ndi cikhatho. Anasisita tebulo, napeza kuti liri kumata ngati ulimbo. Matabwa a madesiki anali a paini wosauma bwino. Paini, kaya ndi wa ku Chikangawa, kaya wa ku mapiri a kum'mawa kwa Zimbabwe, kaya wa ku Mpumalanga, ali ndi utomoni wambiri. Utomoniwo usakanizika ndi pfumbi la mtengo, numata pa tebulo, nudzazanso mipata ya mano a rola woyamba, kotero kuti rolayo asanduka wosalala, nangoterereka pamwamba pa thabwa. Pamenepo cokoka cafoka ndi cokokedwa calemera nthawi imodzi.

Mankhwala ace ndi osabvuta. Tsukani tebulo ndi nsanza yonyowetsa palafini, ndipo mano a rola muwakolope ndi burashi ya waya kufikira aonekenso akuthwa. Dzimbiri licotseni ndi sandipepa yosalala. Mukapukuta zonse kuti ziume, pakani tebulo ndi phula kapena kandulo, ndi kulikwecesa ndi nsanza youma mpaka thabwa liyende ndi cala cimodzi. Musapake oilo kapena girisi, popeza zidetsa mtengo ndi kukoka pfumbi. Ndipo polishi yokhala ndi silicone ipeweni, cifukwa iletsa vanishi ndi penti kugwira bwino pa thabwa.

Caciwiri yang'anani mipeni. Mpeni wobuntha sudula, umangomenya, ndipo kumenya kwace kukankhira thabwa m'mbuyo molimbana ndi marola. Mudzaudziwa ndi kulira kwa makina kumene kukula, ndi nkhope ya thabwa imene ituruka yaubweya kapena yopserera. Bulugamu wouma abunthitsa mipeni msanga, ndipo matabwa okhala ndi mcenga, simenti kapena penti yakale aibunthitsa koposa. Thabwa lotola pansi liyambe lasesedwa ndi kufufuzidwa misomali.

Cacitatu onani kuya kumene muli kupala. Pa thabwa lalikuru m'mimba mwace, kapena la mtengo wolimba monga mlombwa, umene ku Zimbabwe ndi ku Zambia aucha mukwa ndipo ku South Africa kiaat, milimita 1 kapena mamilimita 2 pa ulendo umodzi akwanira. Matabwa oceka ndi maceka a manja kawirikawiri acindikala ku nsonga imodzi koposa inzace; munthu akayeza ku nsonga yopyapyala, thabwa lilowa bwino koma likafika pocindikala lidzakanirira. Yezani pocindikala koposa. Kumbukiraninso kuti thikinesa siongola thabwa lopindika. Nkhope imodzi iyambe yaongoledwa pa makina anzace opala nkhope, ndipo imeneyo ndiyo igone pa tebulo.

NGATI MAROLA SAZUNGULIRA

Zonsezi zikakhala bwino koma bvuto liripobe, pamenepo tengani sipanala. Muyambe mwaona cogwirira ca giya, pakuti amisiri ena anamasula makina onse, pambuyo pace napeza kuti cinali cabe pakati, pomwe marola sayenda. Moto uli cizimire, cotsani cibvundikiro ca m'mbali, ndipo zungulizani pule pang'onopang'ono ndi dzanja, zala ziri kutali ndi mipeni ndi kutali ndi polowera lamba. Tsatani mphamvu monga mutsata madzi m'ngalande, kufikira mupeze pomwe yaima.

Lamba wotha anyezimira m'mbali, ang'ambika, ndiponso amira kufikira pansi pa ngalande ya pule. Lamba wabwino mukamkanikiza ndi cala pakati, atsika mamilimita ngati 16 pa mita iri yonse ya kutalikirana kwa mapule. Akatsika koposa apo, kungani. Akatha, gulani wa nambala yomweyo yolembedwa pa msana pace. Pa makina ena ang'ono mphamvu ipita ndi gudumu la mphira lokhudzana ndi shafiti. Mphirayo ikadyeka kapena ikalowa oilo, makina aleka kukoka thabwa likangolemera pang'ono.

Unyolo wolenda udumpha mano a sipuroketi, ndipo thabwa liyenda modzidzimuka. Onani kagudumu kokungira unyolo ndi sipiring'i yace. Unyolo wogwira nchito zaka zambiri utalika cifukwa ca kudyeka kwa timisomali tace, ndipo mungathe kuuyeza nokha. Pa unyolo umene mfundo iri yonse iri mamilimita 12.7, mfundo 24 za watsopano zikwana mamilimita 305. Zikafika pa 314, unyolowo watalika ndi magawo 3 pa 100, ndipo watha. Yang'ananinso mano a masipuroketi. Akasongoka ndi kupindika ngati mbedza, sinthani unyolo ndi masipuroketi pamodzi, popeza sipuroketi yakutha idya unyolo watsopano m'miyezi yocepa. Polumikiza unyolo, kakilipi ka pa mfundo yolumikizira kayang'anitse mutu wace wotseka kumene unyolo uli kupita, kuti kasabvuke pa ulendo.

Nthenda yobisika koposa ndiyo ya kakiyi. Sipuroketi izungulira bwino, munthu nayesa kuti zonse ziri m'malo, pamene shafiti ya rola yatsala m'mbuyo. Kapitao uja anacita motere: anajambula mzera wa coko kucokera pa sipuroketi kufika pa mutu wa shafiti, nabwezera cibvundikiro, nayatsa makina, nalowetsa thabwa limodzi. Atathimitsanso ndi kutsekula, mzera uja unali utaduka pawiri. Kakiyi kanali katadyeka. Kakiyi kapena kamsomali kakatha, ikanipo ka mtundu womwewo ndi muyeso womwewo. Musaikepo bauti yolimba, ndipo musaocherere sipuroketi ku shafiti. Pa makina ena kamsomaliko anakapanga kofoka dala, kuti thabwa likakanirira kaduke ikoko, ka mtengo wocepa, magiya a mtengo wapatali napulumuke.

Giyabokosi ifuna oilo wa magiya wofika pa muyeso wace. Mukakhetsa oilo wakale ndi kuona tizidutswa tonyezimira ta citsulo kapena ta mkuwa, magiya ali kudyeka, ndipo imeneyo ndi nchito ya makanika. Musasinthe liwiro thabwa liri m'kati.

Liripo bvuto lina la magetsi. Makina akuru ayenda ndi moto wa mawaya atatu. Akasamutsidwa, ndipo mawaya awiri nasinthanitsidwa polumikiza, mota izungulira cobwerera, marola nalabvula thabwa m'malo molikoka. Fyuzi imodzi mwa zitatuzo ikapsa, mota ingong'ung'udza osanyamuka, ndipo ikasiyidwa comweco idzapsa. Zonse ziwirizi itanirani wa magetsi.

NGATI AZUNGULIRA KOMA SAGWIRA

Rola ayenera kukwera thabwa likalowa, ndi kutsika likaturuka. Koma nthawi iri yonse imene iye akwera, pansi pa kabokosi kace patseguka mpata, ndipo utuci ulowamo. Pakupita kwa miyezi utuciwo uumbika nulimba ngati njerwa, kabokosi nkulephera kutsika kufikira pa malo ace. Rola atsala m'mwamba, angokhudza thabwa osaligwira. Tsitsani tebulo, ikani kamtengo pansi pa nsonga ya rola, kwezani tebulo pang'ono kuti kabokosi kanyamuke, ndipo kolowolani utuci ndi waya wopinda, osati ndi cala. Citani comweco pa nsonga zonse zinai. Kabokosi kali konse kayenera kukwera ndi kutsika kopanda kukanirira.

Pomwepo yesani mabushi. Gwedezani nsonga ya rola. Ngati shafiti igwedera m'kati mwa kabokosi, bushi yadyeka. Mabushi ambiri afa ndi ludzu, pakuti timabowo tothirira oilo tiri pamwamba pa makina, koma anthu atiiwala. Sinthani mabushi a mbali zonse ziwiri pamodzi, kuti rola asapendame.

Masipiring'i muwacotse ndi kuwaimika pamodzi pa tebulo. Yothyoka kapena yofupika koposa inzace yatha. Pobwezera, werengani kuti mwazunguliza kangati sikuluwu yokungira, ndipo mbali zonse ziwiri zilingane. Anthu ambiri akaona thabwa laima athamangira kukunga masipiring'i kufikira polekezera. Kumeneko ndiko kupha makina, cifukwa kudya mabushi, kulemetsa unyolo, ndi kusiya mabala a mano pa thabwa.

Musaiwale tizitsulo tonga zala tija. Tisukeni utomoni, ndipo kali konse mukakakweza ndi kukasiya kagwe kokha. Timeneti ndito tiima pakati pa thabwa lobwerera ndi mimba yanu.

KUYEZA MISINKHU

Marola ndi zitsulo zotsendereza ziyezedwa kucokera pa nsonga ya mpeni pamene uli pansi penipeni. Cifukwa cace mipeni iyambe yanoledwa ndi kumangidwa molingana. Kuyeza pa mipeni yosalingana ndi kutaya nthawi. Mufuna zipangizo ziwiri zokha: kamtengo kolimba kouma, kopalidwa bwino pamwamba ndi pansi, ndi timasamba tacitsulo topyapyala tija tochedwa feeler gauge, timene amakanika ayezera mapulagi a galimoto.

Buku la makina anu ndilo lilamula, koma pa makina ambiri a msinkhu wapakati muyeso uli wotere: rola woyamba ndi chipbreaker zitsike milimita 1 kunsi kwa nsonga ya mpeni, pressure bar itsike 0.2, rola waciwiri atsike 0.5. Kwa iwo a makina akale oyeza ndi mainchi, milimita 1 ifanana ndi 0.040 ya inchi.

Ikani kamtengo pa tebulo pansi pa mipeni, ndi tsamba la milimita 1 pamwamba pace. Zungulizani mpukutu ndi pule kuti mpeni umodzi uyang'ane pansi, ndipo kwezani tebulo kufikira mpeniwo ungokhudza tsambalo. Mangani tebulo, musalisunthenso. Cotsani tsamba, ndipo kankhirani kamtengo pansi pa rola woyamba, ayenera kungokakhudza. Akatsala m'mwamba kapena akakanirira, masulani nati, zungulizani sikuluwu imene kabokosi kakhalapo, mangani nati, ndi kuyezanso. Pa rola waciwiri sanjikani tsamba la 0.5 pa kamtengo komweko, ndipo pa pressure bar la 0.8. Yezani kumanja ndi kumanzere, ndipo kamtengo kagone pa tebulo penipeni, kasakwere pa marola a pansi. Marola a pansiwo aturukire pamwamba pa tebulo mamilimita 0.1 pa matabwa ouma osalala, ndipo asapitirire 0.5 pa matabwa okhakhala.

THABWA LINENA LOKHA

Mukatha, bwezerani zibvundikiro zonse, werengani zipangizo zanu kuti pasatsale kanthu m'kati, ndipo yesani ndi thabwa louma loongoka. Imani pambali, osati kumbuyo kwa thabwa. Musabvale magolovesi, ndipo zala zisakhale pansi pa thabwa pomwe rola alitsendereza pa tebulo.

Pomwe thabwa liima pakuuzani nthenda. Likakana polowa penipeni, rola woyamba ali m'mwamba kapena mwapala kwambiri. Likaima mutu wace utangopitirira mipeni, pressure bar yatsika koposa, ndipo izi zicitika kawirikawiri mipeni ikamangidwa yosaturukira monga kale. Likaima mcira wace utangocoka pa rola woyamba, mlandu uli pa rola waciwiri. Likakhotera mbali imodzi, masipiring'i kapena misinkhu ya kumanja ndi kumanzere siilingana. Likaturuka ndi mabala a mano, mwapala pang'ono kwambiri kapena mwakunga rola woyamba koposa. Likaturuka lokumbika ku nsonga, marola a pansi akwera kwambiri, kapena palibe wocirikiza thabwa lalitali polowa ndi poturuka.

Liwiro nalonso liri ndi masamu ace. Tiyese mpukutu wa mipeni itatu wozungulira nthawi 5,000 pa mphindi. Umenewo udula nthawi 15,000. Thabwa likayenda mamita 9 pa mphindi, mpeni uli wonse udya mamilimita 0.6 a kutalika kwace. Likayenda mamita 18, udya 1.2, nkhope ya thabwa ituruka ya mafunde, ndipo marola alimbana ndi katundu wowirikiza. Mtengo wolimba upatseni liwiro locepa.

Thabwa lalifupi losafika pa marola onse awiri nthawi imodzi musalilowetse. Pa makina ambiri locepera mamilimita 300 ndi loopsa. Ndipo pa makina a rola wa citsulo cimodzi musalowetse matabwa awiri osiyana kucindikala nthawi imodzi, pakuti rola agwira locindikalalo, lopyapyala nilibwerera ngati mubvi.

MAKINA ANG'ONO ONYAMULA

Masiku ano akalipentala ambiri ali ndi makina ang'ono onyamula m'manja, monga a Makita, a DeWalt ndi a Ryobi. Amenewa marola ao onse awiri ali a mphira, ndipo tebulo lao liribe marola a pansi, kotero kuti ukhondo wa tebulo ndiwo moyo wao. Mphira itsukeni ndi nsanza ya madzi a sopo kapena sipiriti, pulagi iri yozula. Petulo ndi thinazi ziononga mphira. Ikauma ndi kung'ambika, kutsuka sikuthandizanso. Gulani rola wina, kapena m'mizinda yaikuru funani amene abveka marola mphira yatsopano. Makina otere musawapalitse koposa mamilimita 3, ndipo pa thabwa lodzaza tebulo lonse cepetsani kufikira milimita 1.

ZIMENE KAPITAO ANAPEZA

Dzuwa lisanalowe, kapitao anali atapeza zinthu zitatu: utomoni pa tebulo ndi pa rola, utuci woumbika pansi pa kabokosi ka kumanzere, ndi kakiyi kodyeka. Zogula zinali palafini, kandulo ndi kakiyi kamodzi. Mota inalibe mlandu. M'mawa mwace thabwa loyamba linalowa ndi kuturuka lokha, mnyamata uja manja ali m'mbali, ndipo madesiki anaperekedwa pa nthawi yace. Tsiku lonse lija kapitao sanalole mnyamatayo kungopenyerera. Sikuluwu iri yonse anamasula ndi iyeyo, mkuruyo ali kuloza ndi zala zace zitatu.

Ambiri a inu muli kusunga ndalama kuti pobwerera kwanu mukatsekule shopu yanu, ndipo ena muganiza zogula thikinesa yogwirapo kale nchito. Musaigule pongomva kulira kwace. Pemphani kuti mulowetse thabwa, tsekulani cibvundikiro muone unyolo ndi masipuroketi, gwedezani marola, ndipo funsani ngati buku lace liripo. Werenganinso kacitsulo kolembedwa pa mota: makina a moto wa mawaya atatu, wa mavoti 380 kapena 400, sangayende ndi moto wa m'nyumba wa mavoti 230. Safunsa anadya phula.

Ndipo inu amene mukali pa nchito ya eni, Loweruka liri lonse tsukani tebulo ndi marola, thirani oilo m'mabushi ndi pa unyolo, ndi kucotsa utuci pansi pa timabokosi. Nchito imeneyi sitha theka la ola. Munthu wodziwa kukonza makina ace sasowa malo m'shopu iri yonse, ndipo tsiku lobwerera kwao apatsa moni abale ace ndi zala zace zonse.